Kalata kwa a ICASA, a makampani a foni ndi atsogoleri athu kuno ku Joni: wolipira bilu sikuti ndiye kholo

Zikomo akuluakulu nonse,

Ndikudziwa kuti enanu Chichewa simuchimva, inu a ICASA oyang'anira makampani a foni kuno ku South Africa, a Information Regulator oteteza zinsinsi za anthu ndi mabwana a makampani a foni, koma musadandaule a Malawi tadzaza Joni yonseyi, amene amakupangirani tiyi mu ofesimo kapena amakutchetcherani kapinga kunyumba mwina ndi wa ku Mangochi kapena wa ku Mzimba, mupatseni akuwerengereni. Koma inu abusa athu, mashehe ndi matcheyamani a magulu athu a maliro, inu ndiye pothawira palibe, mukundimva bwinobwino.

Ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Turffontein, ntchito ndimagwira ya m'nyumba ku Randburg. Wamkuluyo ndi mtsikana, ananditsatira kuno ali ndi zaka 8, pano ali ndi 16 ndipo ali Grade 10. Dzina sinditchula, langa kapena lake, mumva chifukwa chake.

Nkhani yake ndi ya bilu ya foni. Kumudzi zimenezi sitizidziwa kwenikweni, munthu umangogula mayunitsi a Airtel kapena TNM akatha atha basi, palibe pepala lobwera kumapeto kwa mwezi. Kuno kuli kontrakiti, ndipo kuti uyipeze amafuna ukhale ndi zaka 18, mapepala ako akhale oongoka, uonetse za kubanki, akufufuzenso ngati unathawako ngongole penapake. Ndiye tiuzane zoona, ndi a Malawi angati ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magaden amene angadutse pamenepo? Ine sindingadutse. Amene anadutsa ndi achimwene anga, amayendetsa thiraki, pemiti ali nayo. Ndi iwowo anati chemwali mwanayu akukula, homuweki masiku ano ili pa intaneti, ndimuika pa kontrakiti yanga. Ndinagwada kuthokoza, sindinama. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mwezi ndi mwezi ku imelo yawo kumabwera mndandanda wa nambala iliyonse imene mwanayo wayimbira kapena kulembera SMS, tsiku lake, ola lake, mpaka mphindi zimene wayankhula.

Linali Lamulungu titangochoka ku tchalitchi, ine ndili pa sitovu ndikuvundula nsima, ndiwo zake usipa umene anatitumizira pa basi. Achimwene analowa osagogoda, m'manja muli mapepala anayi amene anakapulintitsa ku kafe, mizere ina atayipaka inki yachikasu ija ana amapakira manotsi.

"Chemwali zimitsani motowo mukhale pansi. Mwana uyu wayamba zibwenzi."

Anayala mapepala aja pa bedi, poti tebulo tilibe. Nambala imodzi yokhayokha, mzere ndi mzere, 23:40, 00:15, 01:02, usiku ndi usiku pafupifupi mwezi wonse.

"Iwe, nambala iyi nja ndani?"

"Ndi ya mnzanga amalume."

"Mnzako wake uti wolemberana naye 1 koloko ya usiku?"

"Chonde amalume musayimbe. Amayi auzeni asayimbe chonde."

Ndipo ine, mayi wake, ndinangoima ndi mthiko m'manja osanena kanthu. Ndivomere pano pagulu, nanenso ndinkafuna kudziwa, mtima unali utathamanga kale kukafika ku mimba ndi ku matenda. Achimwene anayimba, n'kuika pa laudi kuti tonse timve. Anayankha mwamuna, mawu okhwima a munthu wamkulu. Achimwene anandiyang'ana ngati munthu wagwira mbava, n'kuyamba kumukalipira mu chizungu chosakaniza ndi chiZulu, kuti iwe ndiwe ndani ukulemberana ndi mwana wathu usiku uliwonse, tili ndi umboni pa pepala, masiku onse alembedwa apa, anamuwerengera ndi maola omwe.

Bambo uja sankadziwa kanthu. Foniyo inali ya mwana wake womupeza, mtsikana wa m'kalasi mwa mwana wanga, kafoni ka mabatani kangati ka Mose wa Lero kaja, kopanda WhatsApp, n'chifukwa chake ankalemberana ma SMS. Zimene bamboyo ankamuchita mwanayo sindilemba pano, si nkhani yanga, koma mtsikanayo ankaopa kugona, ndiye ankalembera wanga kuti akhale ndi womuyankhula mpaka mayi ake abwere kuchokera ku ntchito ya usiku. Tsiku limenelo bamboyo anali atamulanda foni. Ndiye ife ndi pepala lathu lachikasu tinamuuza tokha, ndi pakamwa pathu, kuti mwanayo ali ndi wina kunja amene amamuuza zinthu usiku. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mtsikanayo sanabwere ku sukulu sabata yonse yotsatira. Ine ndinapita kukawauza aphunzitsi awo zonse nditamva mutu wake, anachitapo zawo, kenako tinangomva kuti anamutengera kwa achibale kutali ndi Joni, nambala ija mpaka lero siyilowa.

Wanga sanalire, bola akanalira. Anangotseka pakamwa. Mwana amene ankandiuza ndi za aphunzitsi ovala masokosi osiyana zomwe, anayamba kuyankha eya, ayi, ndadya. Patapita masabata atatu ndikuchapa yunifomu ndinapeza m'thumba kapulasitiki kothyolamo SIM. Anakagula yake m'tauni, zija amagulitsa m'misewu zitalembetsedwa kale pa dzina la munthu amene sitidzamudziwa. Ndiye taonani phindu lake, poyamba tinkadziwa nambala osadziwa mawu, pano sitidziwa nambala sitidziwa mawu, pa bilu ya achimwene pali mbee, iwo akuti mwana wasintha, wamva mwambo.

Inu a makampani, ine sindikuti munalakwitsa masamu, bilu inali yolondola. Vuto ndi loti inu mumaona ngati amene dzina lake lili pa akaunti ndiye mwini zonse zochitika pa laini imeneyo. Mwina m'mabanja olemera a ku Sandton zimayenda choncho, bambo, mayi, ana, akaunti imodzi. Kwathu kuno wolipira amakhala malume, amakhala bambo womupeza, amakhala bwana wa kuntchito, amakhala mkulu wa mpingo amene "akuthandiza", nthawi zina amakhala blesa yemweyo amene makolofe tikumuopa, wamugulira mwana foni ya kontrakiti kuti azimuona kumene akuyimba. Ine ndemwe zinandichitikirapo ndili munthu wamkulu, madamu ena amene ndinkawagwirira kale anandiika pa akaunti yawo, tsiku lina ndikusita akundifunsa kuti nambala ya +265 imene umayimba Lachisanu lililonse ndi ya ndani. Anali amayi anga akudwala ku Ntcheu. Ndinayankha mwaulemu koma manyazi ake ndinamva ngati andivula chitenje pa msika. Ndiye ndinaiwala bwanji ululu umenewo tsiku la mwana wanga, kaya.

Komanso bilu imeneyi ndi mboni yoipa, imanena theka. Imakupatsa nambala ndi nthawi, mawu ayi. Ndiye kholo lotopa, lamantha, limadzaza lokha mawuwo, ndipo sitidzaza ndi zabwino ayi. Pomwe zoopsa zenizenizo pa bilu sizioneka n'komwe. WhatsApp kuyambira 2016 mauthenga ake ndi otsekedwa moti ngakhale kampani ya foni singawerenge, pa bilu pamangolembedwa data yakuti yakuti yatha. Chidyamakanda cha zaka 40 chimene chikunyengerera mwana wa sukulu sichitumiza SMS, chili pa WhatsApp, pa Instagram, pa TikTok, pa Facebook. Amene amagwidwa ndi bilu ndi mwana wosauka wa kafoni ka mabatani, ndi mwana amene wayimbira ku kiliniki, ndi amene wayimbira aphunzitsi.

Musaone ngati ndine mmodzi wa aja amati mwana asiyidwe achite zofuna zake, ayi ndithu. Joni ndi Joni. Nyaope, mankhwala ozunguza bongo aja, tikuyiona m'makona, atsikana akusowa, ana akulonjezedwa ntchito zabodza pa foni pompa. Ine ndimachoka 5 koloko m'mawa kuthamangira taxi, kubwera mdima utagwa, maola onsewo mwana ali ndi foni yekha, ndiye mukati ndisaope mukundinamiza. Ndikaona chizindikiro chenicheni kuti moyo wake uli pa ngozi foniyo nditsegula, ali pompo akuona, ndipo sindipepesa. Koma kumeneko n'kosiyana ndi kumuwerenga mwakabisira mwezi ndi mwezi ngati wakuba.

Apa ndiye ndifike kwa inu atsogoleri athu, chifukwa ndamva kangapo pa maulaliki ndi pa misonkhano ya amayi kuti zachinsinsi za mwana ndi zachizungu, kwathu mwana alibe chinsinsi. Kwathu kwake kuti? Ine ndinakulira kumudzi. Mtsikana akatha msinkhu sankathamangira kwa mayi ake, ankapita kwa agogo kapena kwa azakhali, iwo ndiye ankadziwitsa anankungwi, ndipo zimene ankalangizidwa kumeneko bambo ake sankazifunsa, akanafunsa mudzi wonse ukanawaseka. Ana akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya makolo kukagona ku gowelo, anyamata ku mphala, ndipo palibe kholo lanzeru limene linkakaima kuseri kwa gowelo usiku kutchera khutu. Makolo athu ankadziwa kuti pali zina mwana sangauze womubereka, ndiye m'malo momuzonda anamuikira anthu ena okhulupirika oti aziwauza. Malume, mwini mbumba, ankaweruza nkhani yobwera nayo kwa iye, sankayenda kusuzumira m'mazenera.

Kuno tili m'chipinda chimodzi chogawa ndi katani, renti yake yoboola m'thumba. Agogo ali ku Malawi, azakhali ali ku Cape Town, nankungwi kulibe. Gowelo la mwana wanga ndi foni ija basi, ndi malo okhawo amene angatseke chitseko. Ndiye ife tathyola chitsekocho n'kumati tikusunga mwambo, mwambo wake uti?

Ndipo ndamva ena mwa inu mukulimbikitsa makolo kuika ma app ozonda m'mafoni a ana, pali anyamata m'tauni amaika pa mtengo, mauthenga onse a mwana azibwera kwa iwe. Musanauze anthu zimenezo pa guwa dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la RICA la 2002, lomwe lija limatilembetsa ma SIM kuyambira 2009, limaletsa kutchera mauthenga a anthu ena mwamseri ndipo chilango chake chimafika R2 million kapena zaka 10 kundende. Ambirife mapepala athu ndi ojejema kale, musatiike m'mavuto ena. Komanso amene amathamangira ma app amenewo kwambiri si makolo ayi, ndi azibambo ozonda akazi awo, tonse tikudziwa.

Inu a boma malamulo anu omwe amandidabwitsa chifukwa pa pepala ali bwino zedi. Constitution ya 1996 gawo 14 imati aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi kuphatikizapo mauthenga ake, sinati aliyense wa zaka 18, sinatinso nzika zokha, inati aliyense. Gawo 28 imati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana choyamba ndi ubwino wa mwanayo. Children's Act ya 2005 imalola mwana wa zaka 12 kukayezetsa HIV payekha, imalolanso kuti apatsidwe makondomu ndipo achipatala amusungire chinsinsi. Kunena zoona lamulo limenelo nditalimva koyamba ndinakwiya, zaka 12 ndi khanda, koma pano ndimamvetsa kuti analiikira ana ngati mnzake wa mwana wanga uja, amene munthu wowaopsa ali m'nyumba momwemo. Ndiye tandiuzani, nesi wasunga chinsinsi, lamulo lasunga chinsinsi, koma nambala ya kiliniki yatuluka pa bilu ya bambo womupeza, chinsinsicho chili pati?

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA nalo, limene linayamba kuluma pa 1 July 2021, limati zokhudza mwana wosakwana zaka 18 zisagwiritsidwe ntchito mwachisawawa, pakhale chilolezo cha munthu amene lamulo limamuzindikira kuti ndiye woyankhira mwanayo. Kwa mwana wanga munthu ameneyo ndine. Palibe anandifunsa. Pa fomu palibe anafunsa kuti SIM yachiwiriyi agwiritsa ntchito ndani, wamkulu kapena mwana, ndipo inu olipiranu ndinu ndani wake.

Zimene ndikupempha si zodula ayi. Kuyambira 2019 inu a ICASA mumalamula makampani kuti azititumizira SMS data ikafika 50%, 80% ndi 100%, ndipo akutumiza mpaka kutitopetsa, kutanthauza kuti njira ilipo. Ndiye chikuvuta n'chiyani kuti pa laini iliyonse yowonjezera pa kontrakiti ya munthu wina pazibwera ka SMS konena kuti dziwani kuti mwini akaunti amaona nambala zimene mukuyimba ndi kulembera? Kamodzi pa mwezi basi. Mwana wanga akanadziwa akanapeza njira ina yothandizira mnzake, mwina akanandiuza ine, ndipo inenso kwa madamu aja ndikanadziwa poyambira. Kuyang'anira mwana iye akudziwa ndi kulera, ine ndilibe nako vuto, chimene chatipweteka ndi chobisa.

Chachikulu kwa ine ndi nambala zothandiza ana. Ku UK mwana akayimba Childline pa 0800 1111 pa bilu sizioneka, anachita dala kuti womuzunza asadziwe. Kuno Childline ndi 116, yaulere, nambala yomweyonso imene ana amayimba kumudzi ku Malawi. Lembani mu malamulo anu mosapsatira kuti 116, 10111 ya polisi, 0800 428 428 ya nkhanza za m'banja ndi zina zotero zisamatuluke pa bilu kapena pa app ya mwini akaunti pa netiweki iliyonse, kaya ndi Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C, ndipo mukatero mulengeze m'masukulu ana adziwe, chifukwa mwana amene akukayika sayimba. Ndipo ngati laini yalembedwa kuti ndi ya mwana, mndandanda wa nambala uzipita kwa kholo kapena womulera wovomerezeka, osati aliyense amene ali ndi khadi ya kubanki. Wolipira aziona ndalama, ndi zake, aziikanso malire a ndalamazo ngati akufuna, koma nambala ayi. Mukhozanso kuchita zobisa manambala atatu omalizira kuti munthu aone kuti ndalama zapita kuti popanda kutenga foni n'kuyimba ngati mmene anachitira achimwene.

Inu a Information Regulator tulutsani kapepala kosavuta, tsamba limodzi, konena kuti kholo lingaone chiyani, malume angaone chiyani, bwana wa kuntchito angaone chiyani, m'zilankhulo zimene anthu a m'ma flat a Hillbrow, Yeoville, Rosettenville ndi Mayfair amayankhula. Cha Chichewa tikumasulirani ife ulere, a ku ofesi ya kazembe wathu atithandize kugawa pamene anthu akudikira za mapasipoti, pamzere paja nthawi yowerenga imakhalapo yambiri.

Koma inu abusa ndi mashehe ntchito yanu ndiye yosafuna lamulo. M'mipingo yathu muli amayi akuluakulu odekha, osunga pakamwa, tisankhe awiri atatu atsikana athu aziwapeza, chimodzimodzi abambo kwa anyamata, ndipo tigwirizane kuti zimene mwana wanena kumeneko sizibwera ku komiti kapena pa gulu la WhatsApp la amayi, pokhapokha moyo wake uli pa ngozi. Ndikuti osunga pakamwa, osati aja nkhani ikalowa khutu ili yatulukira kale pa status. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timanena tikamalalikira, koma mtsikana uja anakhala mwezi wathunthu akuopa kugona ndipo wamkulu amene anamupeza woti amuuze panalibe, anapeza mwana mnzake wa zaka 16 ndi bandulo ya ma SMS.

Kunyumba kwathu pano zili chonchi. Laini ija ndinawauza achimwene ayichotse, anakwiya, akuti ndine wosayamika, mwana ameneyu akadzatenga mimba musadzandiyitane. Sanapepese ndipo sindikuyembekeza, ndi akulu anga, anachita zimene ankaona ngati ndi udindo wawo, ndipo pepala lija sanabe, linabwera lokha ku imelo. SIM ya mumsewu ija tinakayitaya limodzi, tinakagula ina ya prepaid n'kuyilembetsa pa pasipoti yanga, eyataimu ndimamugulira Lachisanu ndikalandira. Pini ya foni yake analemba pa kapepala, tinaika mu envelopu n'kumata, ili m'Baibulo langa, tinagwirizana kuti ndidzang'amba pokhapokha atasowa kapena nditaona zoopsa, ndipo ndikadzang'amba ndidzamuuza. 10 koloko usiku foni imagona pa tchaja mbali yanga ya katani, zimenezo ndiye sitikambirana.

Ndinamupepesa. Kwathu kholo kupepesa mwana ndi zachilendo, mawu ake anandikakamira pakhosi ngati nsima ya dzulo, koma ndinanena kuti mwanangu tsiku lija unandipempha ndiwaletse amalume ine ndinangoima, ndinalakwa. Anangoti "ndamva amayi" n'kupitiriza kutsuka mbale. Sabata yathayi ndiye anandionetsa yekha meseji ya mnyamata wina wa Grade 11 amene akuti amamukonda, masipelo ake olakwika okhaokha, tinaseka mpaka a chipinda chinacho anagogoda khoma. Koma usiku ndisanatenge foni ndimamuona akuyesabe nambala ija ya mnzake, amayika pa khutu, kumvetsera mawu a makina aja, n'kundipatsa.

Ndine,
Mayi wa ana awiri, Turffontein